Anthu Khumi ndi Awiri M'bwalo

Wakefield
Lolemba, 2 Marichi 2015

Za mwezi wa Febuluwale:
Masiku ogwira ntchito kochapira: 16
Nsalu za pabedi zimene ndapinda: 1,212
Masiku a mvula 19, a chipale chofewa 2, a dzuwa 3, a mitambo chabe 4. Onse pamodzi 28
Masewero a hoke a Tupochile: 4, apambana 3, agonja 1
Masewero a mpira a timu ya a Willie: 3, apambana 2, alepherana 1
Makhadi achikasu 7, ofiira 1
Nthawi zimene masapota athu anyoza woyimbira: 58, mwa izi, 11 ndi za a Willie

Abambo a Matilda,

Moni kuchokera kuno kozizira. Ndikhulupirira kuti bondo lija lapepuka ndipo mankhwala a BP mukumwa m'mawa uliwonse, osati tsiku lokhalo limene mutu wagunda. Ine ndili bwino. Mwana wathu Matilda ali bwino, kungoti ntchito ya kuchipatala yamudya thupi. Mkamwini wathu a Willie ali bwino, mdzukulu wanu Tupochile nayenso.

Mumadandaula kuti pa foni ndimangoti zonse zili bwino. Makoma a nyumba ino ndi opyapyala. Ndikayankhula kuchipinda, wa kukhitchini amayankha. N'chifukwa chake ndabwerera ku pepala.

Masiku anayi pa sabata ndimachapa ndi kupinda zovala kunyumba yosamalira okalamba. Ena mwa okalambawo ndimawaposa zaka, koma zimenezo sindiwauza. Lachitatu ndimakwera sitima kupita ku Leeds kukaonera Tupo akusewera hoke ndi timu ya koleji yake. Munafunsa kuti hoke n'chiyani. Ndi mpira ndithu, anthu 11 mbali iliyonse, koma amamenya ndi ndodo zopindika kunsonga, ndipo kampira kake ndi kakang'ono ngati lalanje, kolimba ngati mwala. Oonera timakhalapo 14, ndi galu mmodzi amene sajomba. Mphunzitsi wawo, mayi Clara, anandiona ndikulemba m'kope langa sabata ndi sabata, ndipo chaka chatha anandipatsa ntchito yosintha osewera. Ku hoke wosewera amalowa ndi kutuluka masewero ali mkati, sapempha kwa woyimbira. Ine ndimangoyang'ana wotchi. Mphindi 7 zikakwana ndimaitana maina awiri, wina atuluka, wina alowa. Sabata yatha ndinasintha ka 9, osaphonya n'kamodzi komwe. Zaka 36 zophunzitsa masamu sizinapite pachabe.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi timapita ku mpira. Timu ya a Willie, Sapitwa United, imene iwo ndi kochi wake, ili ndi Amalawi 15, a ku Zambia 4 ndi mmodzi wa ku Zimbabwe. Kumeneko ndiye kuli phokoso. Masapota amakwana 70, ndi ng'oma ziwiri, ndipo kwa iwo woyimbira aliyense ndi mbava asanayimbe n'komwe wezulo. Ndimakumbukira inu ndi wayilesi yanu pakhonde, Manoma akagonja. Zaka zonsezi sindinamvepo mukunena kuti timu yanu yasewera moipa.

Pa 15 Marichi akusewera semifainolo ya chikho cha ligi yawo. Goloboyi wawo walephera kusinthitsa shifiti, ndiye a Willie, ndi zaka zawo 44, akhala pagolo okha. Andipempha kuti ndigwire pepala la osewera olowa m'malo. Anati, "Amayi, inu simuphonya kanthu. Ine ndikagwedeza dzanja, musinthe basi." Ndavomera.

Woyimbira adzakhala a Overtone Gunda, kwawo ku Nsanje, amene timapemphera nawo. Akudikira mapepala awo okhalira m'dziko muno chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Saloledwa kugwira ntchito ya malipiro, ndiye amayimbira mwaulere, kuti thupi lisaume ndi kukhala. Masapota asangalala, akuti ulendo uno refa ndi wathu. Ine ndawaonera masewero 6 ndipo sindinaone akukondera aliyense.

Khoma la khola limene linagwa ndi mvula ya Januwale musalimange nokha, itanani munthu. Mundiuze mbuzi zatsala zingati, ndipo muwerenge ndithu, osangoyang'ana.

Ine mkazi wanu,
Edwina


Wakefield
Lolemba, 16 Marichi 2015

Abambo a Matilda,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kuno tonse tili moyo, koma m'nyumba muli zii ngati tabwera kumaliro. Tagonja 2 kwa 1.

Ndikuuzani mwadongosolo. Tinasewera ndi timu ya ku Castleford. Oonera athu anali 83, awo 31. Mphepo inali yamphamvu, yochokera kumbuyo kwa golo la a Willie. Iwo anachinya pa mphindi ya 19, ife tinabweza pa mphindi ya 52. Pa mphindi ya 83, Friday, mnyamata wamtali uja amagwira ntchito limodzi ndi Matilda, anali atangolowa kumene. Mpira woyamba kumufika anauponyera mu ukonde. Ng'oma zinalira, amayi analulutira, a Willie anathamanga kuchoka pagolo mpaka pakati ngati mwana.

A Overtone sanaloze pakati. Anayimba wezulo, naima, nayamba kuwerenga osewera athu ndi chala, mmodzimmodzi. Anawerenga kawiri. Kenako anati chigoli palibe, chifukwa a Sapitwa anali 12 m'bwalo. Friday anamupatsa khadi yachikasu chifukwa cholowa popanda chilolezo. Pamene ankamaliza kuwerenga kachiwiri, bwalo linali litadzaza masapota, ndipo Elton, amene anayenera kutuluka, anali ataima kale kunja, manja m'chiuno, ngati anatuluka dzulo.

Mawu amene ananenedwa sindingalembe onse.

"Wawerenga ndi mthunzi womwe!"

"Iwe Overtone, akupatsa zingati azunguwa?"

"Refa wathu uti? Kwanu n'ku Castleford iwe!"

Mayi wina wa m'kwaya, amene m'mawa womwewo anaima nawo mzere umodzi, anawafuulira kuti, "Achimwene, mapepala anakukanani, ndiye mwati mubwezere ife?" Botolo limodzi la pulasitiki linaponyedwa, silinawakhudze. A Overtone anaimitsa wotchi. Anadikira mphindi 9 kuti anthu atuluke, nayambitsanso masewero. Pa mphindi ya 89 mpira unadutsa pakati pa miyendo ya a Willie.

Nthawi zonse a Overtone amabwerera nafe pa minibasi ya tchalitchi. Dzulo mpando wawo anaikapo ng'oma. Tinawadutsa akuyenda kupita pokwerera basi, chikwama kumsana, ndipo mmodzi anatsegula zenera kuti awonjezere mawu.

Pofika kunyumba a Willie anati, "Tinali 11, aliyense waona. Nkhani imeneyi ikupita ku bungwe la ligi." Matilda anati, "Idyani kaye, agoloboyi, manja aja agwira ntchito yochepa lero." Palibe anaseka.

Inu mukundidziwa. Pamene a Overtone ankawerenga, nanenso ndinkawerenga. Ndinapeza 12. Ndinalemba m'kope pomwepo chifukwa dzanja limalemba lokha, ndipo nditalemba ndinatseka kope. Palibe amene wandifunsa, inenso sindinauze munthu. Zinazo ndidzakuuzani mtima ukakhala m'malo.

Nandolo musathyole wosakhwima chifukwa cha anthu opempha. Mpando wanga wa pakhonde muulowetse m'nyumba mvula ikamabwera.

Ine mkazi wanu,
Edwina


Wakefield
Lachinayi, 26 Marichi 2015

Abambo a Matilda,

Moni. Ndamva kwa Matilda kuti munali ndi chifuwa, ndikhulupirira chatha. Ine thupi lili bwino. Lolemba ndinapinda nsalu 74 koma m'buku la kuntchito ndinalemba 47, ndipo ndi mtsikana wa ku Poland amene anandikonza. Zimenezi sizinandichitikirepo.

Dzulo anali masewero omaliza a hoke chaka chino. Anagonja 3 kwa 2, ndipo chigoli chachitatu sichinali choona. Lamulo lawo limati mpira umenyedwe uli mkati mwa mzere wozungulira golo, ndipo uwu unamenyedwa uli kunja pafupifupi phazi limodzi. Ndinaona bwinobwino. Tupo anaponya ndodo pansi, bambo wa galu uja ananena mawu awiri oipa, basi. Masewero atatha onse anapatsana chanza, ndipo woyimbirayo anamwa nafe tiyi. Tupo anamuyang'ana ndi diso lofiira, koma anamupatsira shuga. M'sitima anandiuza, "She got it wrong, Gogo," ndipo anabwereza kasanu mpaka ku Wakefield. Ndinamufunsa ngati alemba kalata yodandaula. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Koma si zimenezo ndikufuna kunena. Dzulo mphindi 7 zitakwana, pakamwa panga panakana kuitana maina. Mayi Clara anachita kundigwira phewa. Chifukwa chake ndi ichi.

Amene analowetsa Friday tsiku lija ndine. A Willie anagwedeza dzanja ali pagolo, ndipo ine ndinachita monga ndimachitira Lachitatu lililonse. Ndinafuula, "Elton tuluka, Friday lowa!" Mpira unali mkati. Atsikana a hoke akamva dzina amathamangira kunja nthawi yomweyo chifukwa anazolowera. Elton anali tsidya lina la bwalo, mphepo ikuwomba, ndipo sanamve kanthu. Ndinadziwa kuti ku mpira umadikira mpira utuluke ndi woyimbira akodole. Ndaona zimenezi ka mazana. Koma pakamwa panatsogola.

Lamlungu ndinamupatula Friday kuseri kwa tchalitchi. Ndinati, "Iwe wasewera mpira kuyambira uli mwana, lamulo ukulidziwa. Unaloweranji?"

Anayang'ana nsapato zake. "Amayi, munati lowa. Ndikanakuyankhani kuti chiyani pamaso pa anthu?"

"Ukanati ayi."

"Kwa inu? Amayi anga atamva angandithire madzi otentha."

Ndiye mwana wa eni ali ndi khadi yachikasu chifukwa cha ulemu.

Tsiku lomwelo a Willie anabweretsa kalata yodandaula kuti anthu asayine. Asayina 47. Pepala litafika kwa ine ndinati magalasi ndaiwala kunyumba. Anali m'chikwama, pansi pa Baibulo. Kusayina sindinasayine, komanso kuletsa sindinaletse, ndipo kalata yapita.

Musauze aliyense kumeneko, ngakhale mlongo wanu. Makamaka mlongo wanu.

Ine mkazi wanu,
Edwina


Wakefield
Lolemba, 6 Epulo 2015

Abambo a Matilda,

Ndikhulupirira Pasaka mwadya bwino ndipo simunaime nthawi yaitali padzuwa. Kuno maluwa achikasu aphuka m'mbali mwa msewu. Kuchokera pakhomo mpaka pokwerera basi ndawerenga 212. Tonse tili bwino.

A Overtone asiya kuimba m'kwaya. Dzulo anakhala benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko. M'tchalitchi tinalimo 64. Amene anawapatsa moni ndi awiri, abusa ndi kamwana kamene sikadziwa kanthu. Ine ndinatanganidwa ndi kusonkhanitsa mabuku a nyimbo.

Lero a Overtone ndinawapeza pokwerera basi, ndipo panalibe pothawira. Anandilonjera monga kale, navula chipewa. Awonda. Ndinafunsa za moyo, anati ali bwino, kenako anatulutsa kalata m'thumba la jekete. Bungwe la ligi lawaimitsa kuyimbira mpaka nkhani idzamvedwe Loweruka pa 18 Epulo.

Ine ndinkayesa kalata ya a Willie inangonena za chigoli. Ayi. Ili ndi ndime yachiwiri, yoti masewero asanayambe anthu anaona a Overtone akulandira envulopu kwa kaputeni wa ku Castleford. Sinatchule ndalama, koma aliyense wowerenga amva.

Anati, "Amayi, wezulo atandilanda ndingalire, koma ndingakhale moyo. Koma loya wanga akuti zikalembedwa penapake kuti ndinalandira ndalama, nkhani ya mapepala anga yavuta. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakana ngakhale ya basi imene amapereka. Ndimayenda ndi botolo langa la madzi kuti asanene kuti ndamwa za eni."

Ndinawabwezera kalata ija. Ndinati nyengo yayamba kufunda.

Basi yawo itafika anaima pachitseko natembenuka. "Kope lanu lija, mumalembamo zonse?"

"Ndimalemba."

"Chabwino, amayi. Mupereke moni kunyumba."

Sanapemphe kanthu. Akanandikalipira bwenzi ndapepukidwa.

Nditafika ndinatsegula kope. Envulopu ija ilimo. Nthawi ya 1:40 masana, kaputeni wa ku Castleford anapereka envulopu yofiirira ya maina a osewera, monga lamulo linenera. Nthawi ya 1:43 a Sapitwa anapereka yawo, yoyera. Amene anapereka yoyerayo ndine.

Chimanga mukayamba kukolola, muwerenge ngolo pochoka kumunda ndi pofika pakhomo. Chaka chatha manambala awiriwo anasiyana.

Ine mkazi wanu,
Edwina


Wakefield
Lolemba, 13 Epulo 2015

Abambo a Matilda,

Moni. Ndasangalala kumva mawu anu Lachisanu, ngakhale kuti chifuwa chija ndachimva chikadalipo. Kalata yanga ya pa 26 mwailandira, ndipo malangizo anu ndamva. Munati refa ndi refa, amazolowera kutukwanidwa, ndipo ine ndikukhala m'nyumba ya mkamwini, ndisaiwale. Sindinayankhe chifukwa a Willie anali pabalaza. Sindinaiwale. Chipinda chimene ndimagona chinali cha Tupo. Iye amagona m'kachipinda kosungiramo katundu chifukwa cha ine. Zaka zinayi a Willie sanandionetsepo nkhope yoipa ngakhale tsiku limodzi.

Loweruka ndinadikira kuti Matilda apite kuntchito. A Willie ankachapa majezi a timu. Ndinaima pakhomo la khitchini, chifukwa inu mukudziwa kuti ine ndi mkamwini sitikhalirana pafupi, ndipo ndinati, "Abambo a Tupo, tsiku lija munali 12. Friday ndinamulowetsa ndine."

Sanadabwe. Anapitiriza kutulutsa majezi m'makina. Kenako anati, "Amayi, tikudziwa."

"Ndani akudziwa?"

"Tonse. Mawu anu amamveka mpaka kumsewu. Elton yekha ndiye sanamve."

Ndinakhala pampando umene sindikhalapo.

Anati, "Mukuganiza kuti tikanalola kuti anthu aziti apongozi a Willie agwetsa timu? Kuti azikusekani ku Leeds, ku Manchester, pa WhatsApp? Mayi amene mumatiphikira tiyi Lamlungu lililonse? Tinagwirizana m'minibasi momwe. Tinali 11, basi. Inu ndinu athu."

Ndinafunsa kuti nanga a Overtone ndi a yani.

"Iye anasankha yekha. Akanatha kutsinzina, palibe mzungu anawerenga."

"Nanga envulopu?"

Apo anakanda m'mutu. Anati ndime imeneyo anawonjezera ena, kuti kalata ikhale ndi mano, ndipo iye sanaganize za mapepala. Ndinawauza zimene loya ananena. Anati kalata yapita kale, anthu 47 anasayina, ndipo akaibweza timu itha. "Inu Loweruka mukhale pakhomo, amayi. Zidzazizira zokha."

Abambo a Matilda, masiku onsewa ndinkayesa ndikubisa cholakwa changa, osadziwa kuti anthu 80 akundinyamulira. Andikonda, sindikana. Palibe anandichitirapo chotere chibwerere kuno. Koma katundu yense amutula pa munthu mmodzi amene anawerenga bwino.

Matilda ndamuuza dzulo. Anangoti, "Amayi, musandiike pakati," nalowa kubafa. Tupo anamva kudzera pakhoma. Anabwera kuchipinda, nakhala pabedi, nayesa Chichewa chake chothyokathyoka: "Gogo, mupita?" Ndinati sindikudziwa. Anandilembera nambala ya basi papepala, nasiya patebulo.

Mbatata ikumbidwe isanalowe anankafumbwe.

Ine mkazi wanu,
Edwina


Wakefield
Lolemba, 20 Epulo 2015

Abambo a Matilda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Ine ndili bwino. Ndinapita.

A Willie ananyamuka pa galimoto 9 koloko, ine ndinakwera basi ya 9:12. Malo ake ndi chipinda cha pamwamba pa holo ya masewero, masitepe 22, ndipo ndinapuma kawiri. Kutsogolo kunali tebulo la anthu atatu a bungwe, abambo awiri ndi mayi mmodzi. Kumanzere kunakhala a Willie ndi anthu athu 18. Kumanja kunali a Overtone okha, atavala tayi. Nditalowa, athu anasendera kundipatsa malo, ndipo mayi wa m'kwaya uja anachotsa chikwama chake pampando. Ndinakhala pomwepo, pakati pawo, chifukwa miyendo inapita yokha.

A Willie anawerenga kalata. Elton analumbira kuti anali atatuluka. Friday atafunsidwa anati sakumbukira bwino, ndipo sanadzutse mutu. A Overtone anafotokoza mwachidule kuti anawerenga kawiri napeza 12, ndi kuti mu envulopu munali maina. Mayi wa patebulo anafunsa ngati ali ndi mboni. Anati alibe. Sanandiyang'ane n'komwe.

Ndinaimirira. Wina anandikoka chitenje kumbuyo, nanong'ona, "Amayi, khalani pansi, chimbudzi chili kunja." Ndinati sindikufuna chimbudzi. Ndinatchula dzina langa ndi ntchito yanga yakale, m'Chingerezi cha m'kalasi, ndipo ndinapempha kuwerenga tsamba limodzi. Ndinawerenga za 1:40 ndi za 1:43. Ndinawerenga za mphindi ya 83: "Friday walowa. Elton sanatuluke. 12." Bambo wina wa patebulo anafunsa kuti analowetsa wosewerayo ndani. Ndinati ndine, ndipo ndinafotokoza za hoke. Anaseka pang'ono, osati monyoza, nati mwana wake amaseweranso. Anapempha kope, nalitembenuza masamba, naona kuti mulinso makona onse, nyengo ya tsikulo ndi mawu onyoza 41. Anafunsa chifukwa chake ndinadikira mpaka lero. Ndinati ndinachita manyazi.

Kenako anafunsa a Willie ngati akutsutsa. A Willie anaimirira. Anati, "Apongozi anga sanama, ndipo saphonya nambala. Kalata ndikuibweza, ndime zonse ziwiri." Kumbuyo wina anati, "Aaa, kochi!" Anthu 6 anatuluka nthawi yomweyo.

Chigamulo chinatenga mphindi 25. A Overtone alibe mlandu, ayambiranso kuyimbira Lamlungu likubwerali, ndipo awapatsa kalata yosayinidwa yonena kuti sanalandirepo ndalama iliyonse, yoti akapereke kwa loya. A Willie awaimitsa masewero atatu. Sapitwa isewera masewero awiri popanda masapota.

Panja ndinawapeza a Overtone akumasula tayi. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, koma ndinangoti, "Pepani, achimwene."

Anati, "Zikomo, amayi. Mwandithandiza." Anapinda tayi bwinobwino naika m'thumba. "Koma masiku amenewa tulo ndimaona pang'ono. Lamlungu lililonse ndimati mwina lero anena."

Ndinati ndikudziwa.

Anati apempha bungwe kuti asawapatsenso masewero a Sapitwa, ndipo azipemphera ku Leeds kwa kanthawi. A Willie anabwera nawauza kuti m'galimoto muli malo. Anathokoza, nati basi ili pafupi.

Ine a Willie ananditsegulira chitseko monga mwa nthawi zonse. Titafika pakhomo anazimitsa galimoto nati, "Amayi, mwandivula pagulu." Ndinati inde. Anati, "Pepala la osintha lija musadzaligwirenso." Ndinati ngakhale atandipempha sindingaligwire. Madzulo anandibweretsera tiyi okha, nayika patebulo. Za chipinda palibe wanenapo kanthu. Matilda akuti a Willie ziwatengera mwezi kuti mtima utsike. Ine ndikuti iwiri.

Munandilangiza kuti ndikhale chete, ndipo sindinamvere. Mukwiye pang'ono, koma mankhwala musasiye. Za ngolo za chimanga ndikudikirabe.

Chiwerengero chomaliza cha nkhaniyi:
Osewera ololedwa m'bwalo: 11
Amene analimo: 12
Amene anasayina kalata: 47
Amene apita kukapepesa kwa a Overtone kufika lero: 3, Friday, a Willie ndi ine
Amene anali m'tchalitchi dzulo: 58
Amene anandipatsa moni: 9
Mphindi zimene ndinayankhula pamaso pa bungwe: 6
Masiku amene ndinakhala chete: 34

Ine mkazi wanu,
Edwina Maseya